Kalata yotseguka kwa a Nduna a Zaumoyo: vitamini D, shuga ndi impso za anthu a mu Lusaka

Olemekezeka a Nduna a Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu wa undunawu ku Ndeke House, ndi inu akuluakulu a ZAMRA (oyang'anira mankhwala), ZAMMSA (ogula ndi kugawa mankhwala m'zipatala) ndi NHIMA (a inshuwalansi ya zaumoyo),

Landirani moni wanga. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala muno mu Lusaka, ndipo ndalemba kuti ndikuuzeni zimene timaona pakauntala, zomwe mwina sizifika m'malipoti a pa desiki panu. Odwala shuga akuthera ndalama zawo pa mabotolo a vitamini D pokhulupirira kuti akuteteza impso zawo, chikhalirecho ambiri mwa iwo sanapimidwepo mkodzo kuti adziwe ngati impsozo zayamba kudontha mapuloteni. Za kupima mkodzo palibe amene amazilengeza. Za botolo ndiye zili paliponse: pa WhatsApp, pa Facebook, m'basi ya ku City Market, ngakhale pabwalo la tchalitchi mapemphero akangotha.

Ogulitsawo ambiri si anthu oipa mtima. Ndi amayi ndi anyamata ofuna ya ufa ndi ya lendi, ndipo akungobwereza zimene anauzidwa: akuti vitaminiyu amatsuka impso, amatsitsa shuga mwachilengedwe, alibe vuto ngakhale utamwa wochuluka bwanji. Agogo amene atopa ndi mzere wa ku kliniki akamva zimenezi amapepukidwa mtima. Ena amafika pochepetsa okha mankhwala awo a shuga a metformin, ena amasiya mapiritsi a BP, ati apeza mankhwala abwino kuposa a boma.

Bodza limeneli likuyenda mosavuta chifukwa latsamira pa chinthu choona. Vitamini D ndi impso n'zogwirizanadi, koma osati momwe ogulitsa akunenera. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono, osati chifukwa inu simukudziwa, koma chifukwa kalatayi aiwerenganso odwala ndi owasamalira.

Dzuwa likawomba khungu, khungulo limapanga vitamini D3. Wina timamupeza m'nsomba zamafuta, m'chikasu cha dzira, m'chiwindi cha nyama ndi m'majarini wowonjezeredwa mavitamini. Vitamini ameneyu akangolowa m'magazi sanayambe kugwira ntchito. Amapita kaye ku chiwindi, komwe amasinthidwa kukhala 25-hydroxyvitamin D, yemwe ndi amene a ku labotale amayeza. Kenako impso zimamusandutsa calcitriol, ndipo calcitriol ndi amene amachititsa matumbo kuyamwa kashiamu ndi phosphate, michere yomanga mafupa, m'chakudya. Zili ngati chimanga: khungu limakolola, chiwindi chimatonola, koma chigayo ndi impso. Chigayo chikawonongeka, ngakhale mutawunjika matumba angati pakhomo pake, ufa wotuluka umakhala wochepa.

Ndiye impso za munthu wa shuga zikayamba kufooka, calcitriol amachepa, kashiamu wa m'magazi amatsika, phosphate amaunjikana chifukwa impso zikulephera kumutaya. Pakhosi, kuseri kwa chithokomiro, pali tiziwalo tinayi tating'onoting'ono totchedwa parathyroid. Timeneti tikamva kuti kashiamu wachepa timatulutsa homoni ya PTH yambiri, ndipo homoniyo imakatenga kashiamu m'mafupa. Zaka zikamapita munthu amamva kuphwanya kwa mafupa, amathyoka mwendo kapena chiuno pongogwa pang'ono, thupi limayabwa usiku wonse, ndipo mitsempha ya magazi imauma chifukwa kashiamu ndi phosphate zimakakamira m'makoma ake. Palinso njira ina yotayira vitaminiyu: m'magazi amayenda atanyamulidwa ndi puloteni yakeyake, ndipo impso zodontha mapuloteni zimataya yonyamulayo pamodzi ndi katundu wake mumkodzo. Onjezaniponso kuti vitamini D amasungunuka m'mafuta, kotero mwa munthu wonenepa kwambiri wambiri amakabisala m'mafuta a thupi, komanso kuti munthu wodwaladwala satuluka kawirikawiri panja. N'chifukwa chake mukayeza odwala shuga amene impso zawo zavulala mumapeza kuti ambiri vitamini D wawo ndi wotsika. Koma nthawi zambiri kutsikako kwabwera chifukwa cha matendawo. Kuona ziwiri zili pamodzi sikutanthauza kuti vitamini wotsikayo ndiye anayambitsa shuga, kapena kuti kumukweza kuchiza impso.

Wina angaseke, n'kunena kuti vitamini D ndi nkhani ya ku London kumene dzuwa limasowa, osati ya Lusaka amene ali pa madigiri 15 okha kum'mwera kwa equator. Nayenso akulakwitsa. Mu 2020 magazini ya Lancet Global Health inasindikiza kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo anapeza kuti pafupifupi munthu 1 mwa 3 aliyense anali ndi vitamini D wotsika m'magazi, wosakwana 50 nmol/L, makamaka okhala m'matauni. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuti lipange mlingo wofanana ndi wa khungu loyera. Taganizani za mayi wochoka ku Kanyama kapena ku Chelstone kusanache, n'kukhala m'shopu kapena mu ofesi ya pa Cairo Road tsiku lonse, n'kubwerera kutada. Taganizani za agogo amene shuga anawadula phazi, amene dziko lawo tsopano ndi chipinda ndi khonde. Ndipo kukhala pawindo la minibasi sikuthandiza, poti galasi limatsekereza cheza cha UVB chimene khungu limafuna. Kusowa kwa vitamini D kulipo ndithu pakati pathu, ndipo amene akusowadi ayenera kupatsidwa. Chimene ndikukana ndi kumugulitsa ngati mankhwala a shuga ndi impso.

Funso limeneli linayesedwa kale, ndipo zotsatira zake n'zosabisika. Ku United States, kafukufuku wotchedwa D2d anatenga anthu 2,423 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda enieni. Theka ankamwa 4,000 IU (IU ndi muyezo wa mlingo wa vitamini) ya vitamini D3 tsiku lililonse, theka ankamwa mapiritsi opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2019: gulu la vitamini linali ndi odwala shuga ocheperapo pang'ono, koma kusiyanako kunali kochepa moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti sikunachitike mwamwayi chabe. Mu 2023 anaphatikiza D2d ndi kafukufuku wina wa ku Norway ndi wa ku Japan, n'kupeza kuti chiopsezo chinatsika ndi 15 peresenti, kutanthauza anthu pafupifupi 3 mwa 100 opewa shuga m'zaka 3. Si zachabe zimenezo, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Endocrine Society mu 2024 linati vitamini D angaperekedwe kwa anthu amene ali pafupi kwambiri kudwala shuga, pamwamba pa kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi. Komatu onani bwino: amenewo ndi anthu amene sanadwale. Amene ali kale pa metformin kapena pa insulin nkhani yawo ndi ina.

Za impso zenizenizo, yankho linali lomveka kwambiri. Kafukufuku wa VITAL-DKD, wosindikizidwa m'magazini ya zaudokotala ya JAMA mu 2019, anatsatira akuluakulu 1,312 odwala shuga wa mtundu wachiwiri kwa zaka 5. Ena ankamwa 2,000 IU ya vitamini D3 tsiku ndi tsiku, ena ayi. Pomaliza, mphamvu ya impso yosefa magazi inatsika mofanana m'magulu onse. Kumbuyoko, mu 2010, mankhwala a paricalcitol, omwe amagwira ntchito ngati calcitriol, anaonetsa kuti amachepetsako puloteni ya albumin yodontha mumkodzo mwa odwala 281 amene anali kale pa mankhwala oteteza impso, koma kafukufukuyo anali wa miyezi yochepa, ndipo sanaonetse kuti munthu angapewe nawo makina osefa magazi. Paricalcitol si amene ali m'mabotolo a pa WhatsApp.

Ndivomereze mbali imodzi imene okonda vitaminiyu amanena molondola: ambiri mwa anthu amene analowa mu D2d ndi VITAL-DKD anali ndi vitamini D wokwanira kale poyamba. Ngati tikufuna yankho la odwala athu, a khungu lathu ndi chakudya chathu cha nsima, kapenta ndi chibwabwa, tili ndi sukulu ya zaudokotala ya UNZA, tili ndi chipatala chachikulu cha UTH, tili ndi chipatala cha Levy Mwanawasa, tili ndi malo ofufuzira matenda ku Ndola. Apatseni ndalama afufuze. Malonda asamathamange patsogolo pa umboni.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi 600 IU patsiku, ndipo wopitirira zaka 70 amafunika 800 IU. Mlingo wapamwamba umene akatswiri amati munthu asaupitirire popanda kuyang'aniridwa ndi dokotala ndi 4,000 IU patsiku. Koma pamsika pali makapisozi a 50,000 IU, amene dokotala amalembera kamodzi pamlungu kwa nthawi yoikika, ndipo pali anthu amene amawameza m'mawa uliwonse ngati maswiti. Vitamini D satuluka msanga mumkodzo monga vitamini C, amaunjikana. Akachuluka, kashiamu wa m'magazi amakwera, ndipo munthu amayamba ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kufooka, nseru, kudzimbidwa, mwinanso kusokonezeka mutu. Werenganinso zizindikiro zitatu zoyambazo. Ndi zomwezo zimene wodwala shuga amamva shuga wake akakwera. Ndiye iye amaganiza kuti shuga wavuta, n'kuwonjezera makapisozi aja kuti amutsitse. Mapeto ake ndi miyala ya mu impso, kapena impso kuima mwadzidzidzi, impso zomwezo zimene ankafuna kuteteza. Calcitriol ndi alfacalcidol ndiye zoopsa kuposa apa zikamwedwa mosayezedwa, chifukwa calcitriol safuna chilolezo cha impso kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo alfacalcidol amangodutsa ku chiwindi basi.

Akuluakulu a ZAMRA, lamulo la Medicines and Allied Substances Act la 2013 ndi limene linakukhazikitsani, ndipo linakupatsani mphamvu pa mankhwala ndi zinthu zofanana nawo, kuphatikizapo kalengezedwe kake. Munthu akalemba pa botolo kapena pa foni kuti chinthu chake chimachiza shuga kapena chimatsuka impso, wanena mawu a mankhwala, ndipo ayenera kuonetsa umboni monga wina aliyense. Makapisozi a 50,000 IU asamatuluke pakauntala popanda kalata ya dokotala, ndipo ife a m'masitolo mutifunse mafunso tikawatulutsa. Ndikudziwa kuti ena mwa anzanga pantchito sakondwera ndi chiganizo chimenechi, poti mavitamini ndi amene amabweretsa phindu lalikulu pa shelefu. Akwiye, tidzalankhulana.

Koma kuletsa kokha sikukwanira. Munthu amagula botolo chifukwa ali ndi mantha a impso, ndipo palibe wamupatsa china chogwirika. Chogwirikacho chilipo. Impso za wodwala shuga zimawonongeka mwakachetechete kwa zaka zambiri. Pofika potupa mapazi ndi nkhope, kapena mkodzo kuchita thovu losatha, zinthu zapita kale patali. Chizindikiro choyamba chimaoneka mumkodzo: albumin wochepa amene maso sangamuone, koma kuyeza kwa albumin ndi creatinine (zinyalala zimene impso zimataya) wa mumkodzo kumamugwira. Pamodzi ndi creatinine wa m'magazi, amene amatipatsa nambala ya eGFR yosonyeza mphamvu ya impso yosefa magazi, kuyeza kumeneku kumayenera kuchitika kamodzi pachaka kwa aliyense wa shuga wa mtundu wachiwiri kuyambira tsiku limene wapezeka nawo, ndi kwa wa mtundu woyamba pakatha zaka 5. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi wamkulu 1 mwa 5 aliyense m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 ali ndi shuga wokwera m'magazi. Shuga ndi BP zikakumana mwa munthu mmodzi, impso ndi zimene zimalipira.

A Nduna, zipatala za Kanyama, Chawama, Matero, Chipata ndi Chilenje zinakwezedwa kuti anthu asamathamangire ku UTH pa chilichonse. Kuyeza kumeneku kukhale kumeneko ndi m'makliniki ozungulira, chaka chonse, ndipo a ZAMMSA aziona zipangizo zake ngati zofunika mofanana ndi zoyezera malungo. Zotsatira zilembedwe m'buku la wodwala, ndipo namwino amuuze m'chinenero chake kuti impso zake zili pati. Wodwala amene akudziwa kuti eGFR yake ndi 55 ndipo chaka chatha inali 62 savuta kumulangiza. Amamva mukamuuza kuti achepetse mchere, asiye fodya, aleke kumwa brufen ndi diclofenac pa kupweteka kulikonse kwa msana, asamale ndi mabotolo a zitsamba zosakanizasakaniza zosadziwika zimene zili mkati.

Ndipo albumin akapezeka, mankhwala ake alipo. Enalapril kapena losartan amatsitsa BP n'kuchepetsanso kupanikizika mkati mwa tizisefa ta impso. Za losartan zinatsimikizidwa kalekale mu 2001 m'kafukufuku wa RENAAL. M'zaka zaposachedwa kwabwera gulu la SGLT2 inhibitors: canagliflozin mu CREDENCE mu 2019, dapagliflozin mu DAPA-CKD mu 2020, empagliflozin mu EMPA-KIDNEY mu 2022, onse anaonetsa kuti amachedwetsa kuwonongeka kwa impso. Bungwe la WHO linaika gulu limeneli pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Chimene vitamini D analephera kuonetsa m'zaka 5, mankhwala awa anachionetsa momveka, moti kafukufuku onse atatuwo anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa phindu linali litaonekera kale. A NHIMA, antchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro awo mwezi ndi mwezi, owalemba ntchito n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Onetsetsani kuti mankhwala amenewa ndi kuyeza kuja zili pa mndandanda wanu, ndiponso kuti munthu akafika ndi khadi lake azipezadi. Wodwala wa pa dialysis amafunika kulumikizidwa ku makina osefa magazi katatu pamlungu, pafupifupi maola 4 ulendo uliwonse, moyo wake wonse pokhapokha atapatsidwa impso ina. Inu amene mumasunga mabuku a ndalama mukudziwa bwino kuposa ine kuti ndalama za wodwala mmodzi wotero zingayeze mikodzo ya anthu angati.

Nambala ya eGFR imatetezanso pa mankhwala ena. Metformin sayenera kumwedwa eGFR ikatsika pansi pa 30. Ndipo m'dziko lathu anthu ambiri a shuga alinso pa ma ARV. Tenofovir wa mtundu wa TDF amatha kukhudza impso ndi mafupa mwa ena. Wodwala wotereyu asasiye mankhwala ake, ayi ndithu, koma impso zake ziziyang'aniridwa mwapadera, ndipo a kliniki ya ART ndi a kliniki ya shuga azionerana zotsatira m'malo moti wodwala aziyenda ndi mabuku awiri osadziwana.

Malo enieni a vitamini D pa nkhani ya impso ali kwa amene matenda awo afika patali, ndipo kumeneko n'kumene ndikupempha kuti mumuike. Malangizo a 2017 a KDIGO, bungwe la akatswiri a impso la padziko lonse, amati kuyambira pa gawo lachitatu mwa magawo asanu a matenda a impso dokotala ayambe kuyang'anira kashiamu, phosphate ndi PTH, ndipo amene apezeka ndi vitamini D wotsika awonjezeredwe monga munthu wina aliyense. Calcitriol ndi anzake sapatsidwa mwachisawawa. Kwa amene sanayambe dialysis amasungidwira a gawo lachinayi ndi lachisanu amene PTH yawo yakwera kwambiri ndipo ikukwerabe. Dokotala wa impso sangatsatire malangizo amenewa ngati kuyeza PTH kukufuna kuti wodwala akafunefune ndalama zolipirira labotale ya payekha. Odwalawa ndi ochepa poyerekeza ndi unyinji wa a shuga, kotero kuwapezera kuyezaku, calcitriol kapena alfacalcidol, ndi mankhwala omanga phosphate m'matumbo, si katundu wolemera kwa boma. Kuyeza vitamini D kwa munthu aliyense wathanzi ndiye musatayirepo ndalama. Ngakhale Endocrine Society mu 2024 sinalimbikitse zimenezo.

Pakamveka za kusowa kwa vitamini wina, maganizo athu amathamangira kumuthira m'chakudya, monga tinachitira ndi vitamini A mu shuga wa pa tebulo kuyambira 1998. Ngati a National Food and Nutrition Commission adzaganize zotero ndi vitamini D, chonde asadzasankhe shuga. Mafuta ophikira kapena majarini n'zimene zingamuyenere, poti amasungunuka m'mafuta, ndipo sitingauze munthu wa matenda a shuga kuti vitamini wake akamupeze m'supuni ya shuga.

Chomaliza ndi mawu. Ogulitsa amalankhula Chinyanja ndi Chibemba chomveka, pomwe uthenga wa boma nthawi zambiri umabwera pa pepala la Chingerezi lomatidwa pakhoma. Radio 1 ya ZNBC ili ndi mapulogalamu a Chinyanja, mawayilesi a m'madera alipo, a Diabetes Association of Zambia alipo. Tumizani dokotala wa impso akakhale pa maikolofoni, anthu aimbe foni, awayankhe kuti vitamini D amathandiza mafupa, kuti wosowa ayenera kupatsidwa, ndiponso kuti salowa m'malo mwa metformin, insulin kapena mapiritsi a BP. Pa 14 Novembala, tsiku la matenda a shuga, ndi pa Lachinayi lachiwiri la Marichi, tsiku la impso, tazolowera kuguba ndi malaya olembedwa uthenga. Ndikupempha kuti pamasiku amenewo m'zipatala zisanu zija mukhale tebulo, timabotolo ta mkodzo ndi namwino wolemba zotsatira, ndipo aliyense wobwera ndi buku la shuga ayezedwe osalipira.

Ndine wanu mwaulemu,

Wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala,
Lusaka